Mlezi wa M'kadontho

Ntchito yolera mluza imayamba mluzawo usanakhalepo. Madzulo a tsiku loti mawa lake adokotala atenga mazira m'thupi mwa mayi, katswiri wa mu labotale amakhala pansi patsogolo pa kabati mmene mumawomba mpweya wosefedwa, n'kuyamba kuyalira mlendo. Wasamba m'manja, koma sanadzole mafuta onunkhira kapena kudzipopera perefyumu, pakuti fungo limene ife timalikonda limavulaza mlendo akubwerayo. Patebulo pali timbale tapulasitiki, botolo la madzi olerera miluza, botolo la mafuta oyera mbee, ndi kabotolo kena kakang'ono ka madzi oderako mwachikasu. Mtima wanga uli pa kabotolo kameneka.

M'kabotolomo muli puloteni yotchedwa albumin. Malabotale ena amagula madzi olerera atasakaniziratu, koma kumene amasakaniza okha, katswiriyo amayeza mlingo wake n'kuutsetsereza cha m'mbali mwa chubu mofatsa. Sakhutchumula ngati botolo la mankhwala a chifuwa. Amangozondotsa chubucho n'kuchibweza, kawiri katatu, chifukwa albumin ikakhutchumulidwa imachita thovu, ndipo puloteni yolowa m'thovu imapindika n'kuwonongeka. Akatero amalemba dzina la mayi pansi pa kambale, osati pachivindikiro, poti chivindikiro chimatha kusinthana ndi chinzake. Kenako amadontheza timadontho mozungulira, kalikonse kosaposa dontho la mankhwala a m'maso, n'kutivundikira ndi mafuta nthawi yomweyo. Akachedwa pang'ono chabe madzi amauluka, mchere n'kuwawa m'kadonthomo. Kambaleko kamagona usiku wonse m'makina ofungatira, pa madigiri 37, mu mpweya wochepa okosijeni ndi wochulukirapo kaboni dayokisaidi, kuti pofika m'mawa madziwo akhale atafunda ndi kukhazikika ngati a m'thupi mwa munthu.

Kuti muone ntchito ya albumin, onani zimene zimachitika ikasowa. Dzira la munthu ndi kanthu kochepetsetsa: mutandanda khumi pamzere, amangokwana milimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Katswiri amalinyamula ndi kachubu kowonda ngati ulusi, maso ali pa maikulosikopu, chala chikuyamwa ndi kutulutsa madzi pang'onopang'ono. M'madzi amchere okhaokha, opanda puloteni, dzira kapena mluza umakakamira. Umamatirira pansi pa kambale, umamatirira m'kati mwa kachubu, nthawi zina umakwera pamwamba pa madzi n'kukodwa pamenepo. Munthu amayamwa mluza akuuona, potulutsa osauonanso. Ndi mwana wa anthu ameneyo, amene mwina amuyembekezera zaka khumi. Koma mukathiramo albumin, puloteniyo imakuta pulasitiki, galasi ndi mluza womwe, zonse n'kuterera ngati chala m'therere. Mluza umagubuduzika mosavuta, umalowa m'kachubu ndi kutuluka bwinobwino. Dzanja la katswiri limapepukidwa chifukwa cha kanthu kamene diso silikaona.

Kuterera ndi chiyambi chabe. Albumin imapangidwa ndi chiwindi, ndipo ndiyo puloteni yochuluka koposa m'madzi a m'magazi athu: pafupifupi magalamu 40 pa lita iliyonse. Ndi unyolo wa ma amino acid 585 wopindidwa mwakuti uli ndi timatumba tambiri, ndipo m'timatumbamo imanyamula mafuta, mahomoni, mankhwala ndi tizitsulo. Ndi mtengatenga wa m'thupi. Ikalowa m'kadontho, kawirikawiri pa mlingo wa magalamu 5 pa lita, sisiya khalidwe lake. Kapoizoni kochoka m'pulasitiki, kachitsulo kolowera m'madzi, kanthu kowola kochoka m'mafuta ovundikira aja, albumin imakatola n'kukafumbata kuti kasafike pa mluza. Imaziziritsa ukali wa okosijeni umene umawononga khungu la maselo. Imathandiza kuti madzi asasinthe msanga kuwawasa kwake. Mluza ukakula, maselo ake akunja amameza albumin n'kuigaya. Ndipo miluza yoleredwa ndi puloteni yabwino imapirira bwino ikaumitsidwa m'chisanu kuti idzagwiritsidwe ntchito m'tsogolo. Shuga, mchere ndi ma amino acid ndiwo chakudya cha mluza. Albumin ndi mlezi: amabereka, amapukuta, amachotsa minga panjira.

Anthu sanamudziwe tsiku limodzi mlezi ameneyu. Madzi amchere osungira ziwalo zamoyo anayamba ndi Sydney Ringer ku London m'zaka za m'ma 1880. Iye ankaona mitima ya achule ikugunda kwa nthawi yaitali m'madzi ake, kenako anadzatulukira kuti womuthandiza ankagwiritsa ntchito madzi a pampopi m'malo mwa madzi otchezedwa. Atabwereza ndi madzi oyera kotheratu, mitima ija inaleka msanga. Chimene chinkasunga moyo chinali calcium wobisala m'madzi a pampopi. Phunziro limenelo, loti nthawi zina moyo umakhala m'kanthu kamene sunakaikemo dala, labwerezedwa kambirimbiri m'mbiri ya ntchitoyi.

Mu 1949 John Hammond analera miluza ya mbewa m'madzi amchere osakaniza ndi dzira la nkhuku. Mu 1956 Wesley Whitten ku Australia anaonetsa kuti dzira la nkhuku silofunikira: mchere, shuga ndi albumin ya m'magazi a ng'ombe zinali zokwanira kuti mluza wa maselo 8 ukule mpaka kufika pa msinkhu wotchedwa blastocyst. Patangotha zaka ziwiri, mu 1958, Anne McLaren ndi John Biggers ku London anabwezera miluza yoleredwa motero m'chiberekero cha mbewa, ndipo kunabadwa ana amoyo. Mu 1963 Ralph Brinster ku America anafotokoza njira ya timadontho tovundikira ndi mafuta, yomwe ija katswiri wathu amayala madzulo. Manja a lero akubwereza zimene manja a zaka 60 zapitazo anaphunzira pa mbewa.

Robert Edwards, Patrick Steptoe ndi Jean Purdy atayamba kulimbana ndi mazira a anthu ku Oldham, ku England, puloteni ya m'madzi olerera nthawi zina inkachokera pafupi kwambiri: m'mkono mwa mayi mwiniwake. M'zaka zimenezo ankatenga magazi a mayiyo, kuwasiya aundane, kuwazunguza m'makina, n'kutunga madzi achikasu otsala pamwamba, otchedwa serum. Ankawafunditsa pa madigiri 56 kwa mphindi 30 kuti afooketse zinthu za m'magazi zimene zimapha maselo, ankawasefa, n'kuthirako pang'ono m'madzi olerera. Ganizo lake linali lomveka: mluza uleredwe ndi madzi a thupi limene udzabwereremo. Purdy, amene anaphunzira unamwino, ndiye ankasamala labotale ndi kulemba m'makope zonse zochitika, zolephereka zomwe, chaka ndi chaka. Ndiye anayamba kuona maselo akugawikana m'mluza umene unadzakhala Louise Brown, mwana woyamba kubadwa mwa njira imeneyi, pa 25 Julayi 1978. Purdy anamwalira mu 1985 ali ndi zaka 39. Pa chikwangwani choyamba chokumbukira ntchitoyi ku Oldham dzina lake silinalembedwe, ngakhale Edwards anadandaula m'makalata. Edwards analandira mphotho ya Nobel mu 2010 anzake awiriwo atapita kale. Ndikaganiza za Purdy ndimaona kuti iye ndi albumin anagwira ntchito yofanana: kusunga zonse m'malo mwake popanda kutchulidwa.

Koma serum inali chikomekome cha nkhuyu. M'kati mwake muli zinthu zosawerengeka, ndipo ya mayi uyu sifanana ndi ya mayi uyo. Ngakhale ya mayi mmodzi imasintha malinga ndi tsiku, chakudya ndi mankhwala amene akulandira. Malabotale ena anayamba kugwiritsa ntchito serum ya mumchombo wa ana obadwa kumene, ena n'kusakaniza ya anthu angapo. Mu 1988 ku Rotterdam, ku Netherlands, kunadziwika kuti amayi ambiri olandira chithandizo cha IVF, chokumanitsa dzira ndi mbewu ya abambo mu labotale, atenga matenda a chiwindi a mtundu wa B kuchokera ku serum yosakaniza imene munali kachilombo. Ikaola imodzi, zaola zonse. Nawonso akatswiri a ziweto m'zaka za m'ma 1990 anaona kuti miluza ya nkhosa ndi ng'ombe yoleredwa m'madzi okhala ndi serum nthawi zina inkabala ana aakulu mopitirira muyezo, ovuta kubadwa. Izi zinaonetsa kuti zimene mluza wasambamo masiku ake oyamba zimautsata mpaka kutsogolo. Pofika pamenepo Yves Ménézo ku France anali ataonetsa kale kuti miluza ya anthu imakula bwino ndi albumin yokha, ndipo Patrick Quinn ku Adelaide anali atapanga mu 1985 madzi otsanzira a m'njira imene dzira limadutsa popita m'chiberekero. Pang'onopang'ono serum inatuluka m'malabotale, albumin yoyengedwa n'kulowa m'malo mwake.

Luso loyenga albumin linabadwira kunkhondo. Edwin Cohn wa ku Harvard, pofuna chothandizira asilikali otaya magazi pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anapeza njira yolekanitsa mapuloteni a m'madzi a m'magazi pogwiritsa ntchito mowa wa ethanol pamalo ozizira kwambiri. Posintha pang'onopang'ono kuchuluka kwa mowawo, kuzizira ndi kuwawasa, mapuloteni amadikha gulu ndi gulu, ndipo albumin imadikha m'gulu lachisanu. Ena mwa oyamba kuilandira anali anthu opsa ndi moto ku Pearl Harbor mu Disembala 1941. Mpaka lero maziko a njirayo ndi omwewo. Madzi a m'magazi a anthu masauzande, oyezedwa matenda, amasonkhanitsidwa pamodzi, albumin imayengedwa, kenako imatenthedwa pa madigiri 60 kwa maola 10 kuti tizilombo tife. Kuti puloteniyo isaphikike ngati choyera cha dzira pamoto, amaithira zoilimbitsa, monga mafuta otchedwa octanoate.

Apa ndi pamene luso lenileni la katswiri wa miluza limaonekera, pakuti iye amadziwa kuti kabotolo kolembedwa albumin sikakhala ndi albumin yokhayokha. Mtengatenga sabwera chimanjamanja. Amafika ndi katundu amene anatola m'magazi a eni ake, ndi zoilimbitsa zija, zimene zikachuluka zimalemetsa mluza. Ofufuza a ku Denmark atasanthula madzi olerera ogulitsidwa, analengeza mu 2014 kuti anapezamo mapuloteni ena oposa 100 amene sanalembedwe pabotolo, olowa limodzi ndi albumin. Ndipo zobisalazo si zoipa zonse. Michael Kane ku Galway, ku Ireland, anaona kuti gulu lina la albumin ya ng'ombe linkakulitsa bwino miluza ya akalulu pamene lina linkalephera. Iye ndi anzake atafufuza kwa zaka, anapeza kuti chimodzi mwa zothandizazo chinali citrate womatirira ku puloteniyo. Madzi a pampopi a Ringer anabweranso m'chovala china.

Amisiri ayankha vutoli m'njira zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi nzeru yake. Ena anati serum inali ndi ubwino umene albumin yoyera inataya, choncho anapanga zosakaniza zokhala ndi albumin yambiri ndi mapuloteni ena a m'magazi otchedwa globulin pang'ono. Ena anapita mbali inayo: anaphunzitsa yisiti kupanga albumin ya munthu, kuti pasakhale magazi a munthu aliyense, ndipo gulu lililonse lifanane ndi linzake. Barry Bavister mu 1981 anaonetsa kuti mankhwala opangidwa otchedwa polyvinyl alcohol angapereke kuterera kuja popanda puloteni, ngakhale sanyamula kapena kudyetsa monga albumin. Ku Melbourne, Caro ndi Alan Trounson analengeza mu 1986 kuti amayi anatenga pathupi ndi miluza yoleredwa popanda puloteni m'pang'ono pomwe. David Gardner ndi Michelle Lane anaonetsa phindu lophatikiza albumin ndi hyaluronan, chinthu chonanda chimene chimapezeka mwachibadwa m'njira ya chiberekero. Komabe malabotale ambiri padziko akadali ndi albumin yochokera m'magazi a anthu, chifukwa zaka zambiri zaonetsa kuti miluza imakula nayo bwino.

Wofulula thobwa amadziwa kuti mbiya ya lero ndi ya sabata yamawa sizikoma mofanana ndendende, ngakhale chimera ndi manja zili zomwezo. Katswiri wa miluza amadziwanso chimodzimodzi za magulu a albumin, n'chifukwa chake sakhulupirira botolo chifukwa cha dzina lake lokha. Gulu lililonse lisanagulitsidwe limayesedwa pa miluza ya mbewa: miluza ya selo limodzi imaikidwa m'madziwo, ndipo pakatha masiku anayi, osachepera 80 pa 100 iliyonse ayenera kukhala atafika pa blastocyst. Limayesedwanso ngati muli poizoni wotsalira wa mabakiteriya. Katundu akafika, katswiri amawerenga chikalata cha zoyesazo, amaona ngati bokosi lafika lozizira, amalemba nambala ya gulu, tsiku lotsegula ndi tsiku lotha ntchito. Ambiri salola gulu latsopano kulowa lonse kamodzi. Amaliyamba gulu lakale lisanathe, n'kumayerekeza mmene mazira akukhwimira ndi mmene miluza ikugawikira m'magulu awiriwo. Zinthu zikayamba kutsika mwezi wina, kope lija ndilo limaulula kuti chinasintha n'chiyani, ndipo chinasintha liti.

Pali kanthu kena kamene kamandigometsa koposa. Poti albumin imafumbata poizoni, imathanso kubisa cholakwa. Kambale koipa, magolovesi oipa kapena mafuta oyamba kuwonongeka zingaoneke zabwino chifukwa mlezi wameza zoipazo mwakachetechete. Choncho amisiri akafuna kuyesa chiwiya chatsopano, nthawi zambiri amachotsa dala puloteni m'madzi oyeserawo, kuti miluza ya mbewa kapena mbewu ya abambo ikumane ndi chiwiyacho popanda wotchinga. Ngati muli choipa, chionekere poyera. Mmisiri wotere amakonda mlezi wake, koma salola kuti ubwino wa mleziyo ukhale chophimba ulesi. Amafuna kuti pofika tsiku la mluza wa munthu, albumin ipeze ntchito yochepa.

Mazira a mayi uja akatengedwa, amabwera masiku asanu a kudikira. Pakatha maola 16 mpaka 18 dzira litakumana ndi mbewu, katswiri amayang'ana timadontho tiwiri tozungulira pakati pa dziralo, kena kochokera kwa mayi, kena kwa bambo. Tsiku lachiwiri maselo amakhala anayi, lachitatu asanu ndi atatu. Lachinayi malire a maselo amafufutika, onse n'kukumbatirana kukhala kampira kamodzi. Lachisanu m'kati mumatseguka kachipinda ka madzi, ndipo kumbali kwake kumaoneka kagulu ka maselo kamene kadzakhala mwana. Pamasiku onsewa luso lalikulu ndi kudziletsa. Kutsegula chitseko cha makina ofungatira kumaziziritsa kambale ndi kusokoneza mpweya, choncho amayang'ana mwachangu n'kubweza, kapena amasiyira kamera ya m'makinamo kuti izijambula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Gardner ndi Lane anapanga madzi awiri otsatizana, oyamba a masiku atatu oyambirira ndi ena a masiku otsatira, potsanzira kusintha kwa m'thupi. Biggers ndi anzake anakonda madzi amodzi okhala ndi zonse, kuti mluza uzisankha wokha chimene ukufuna. Njira zonse ziwiri zabala ana, ndipo m'zonse ziwiri albumin ilimo.

Chifukwa chosamalira motere si kungofuna kuti mayi atenge pathupi. Ku Netherlands, kafukufuku amene John Dumoulin ndi anzake anayamba ku Maastricht, ndi wina wamkulu wofalitsidwa mu 2016, anaonetsa kuti ana ochokera m'mitundu iwiri yosiyana ya madzi olerera ankasiyana kulemera pobadwa ndi magalamu oposa 100. Masiku ochepa m'kadontho amasiya chizindikiro pa sikelo patapita miyezi isanu ndi inayi. Amene amayeza mlingo wa puloteni madzulo aja akukhudza thupi la munthu amene adzayenda, adzaphunzira, adzakalamba. N'chifukwa chake akatswiri ambiri akhala akupempha makampani kuti azilemba poyera zonse zimene zili m'mabotolo awo. Mlezi wa mwana ayenera kudziwika kwawo.

Luso limeneli linafika ku Africa kalekale: ku chipatala cha Tygerberg ku Cape Town, gulu la Thinus Kruger linalandira mwana wake woyamba wa IVF mu 1984. Ndipo aliyense wa ife amadziwa banja limene lakhala zaka likunyozedwa chifukwa chosowa mphatso ya mwana, mayi akulozedwa chala ngakhale pamene vuto lili kwa bambo. Anthu otere akamva za chithandizochi, amamva za adokotala, jakisoni ndi ndalama. Za munthu wovala chipewa ndi chophimba kukamwa, wokhala m'chipinda cha kuwala kochepa kuseri kwa khoma, samva kawirikawiri. Komatu ndi iyeyo amene amasunga mwana wawo pamene mayi sangathe kumusunga.

Tsiku lobwezera mluza likafika, katswiri amawerenga dzina la pansi pa kambale mokweza, mnzake n'kutsimikiza, mayi nayenso n'kutchula dzina lake. Amayamwa mluza m'kachubu kofewa pamodzi ndi kadontho kochepetsetsa ka madzi ake, n'kupereka kwa adokotala. Akamaliza, kachubuko kamabwerera ku labotale, ndipo katswiri amakatsuka pansi pa maikulosikopu kuti aone ngati mluza sunatsalire m'kati. Akaona kuti mulibe kanthu, amanena kuti watuluka. Kuterera kuja kwagwira ntchito yake yomaliza.

M'kadontho kolowa m'chiberekero kaja muli albumin imene inapangidwa m'ziwindi za anthu masauzande. Anakhala pampando kwinakwake, anatambasula mkono, anapereka madzi a m'magazi awo n'kubwerera kwawo. Sadzamuona mwanayo, ndipo iye sadzawadziwa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana uyu asanakhale ndi mtima wogunda, asanafike n'komwe m'mimba mwa mayi ake, anali ataberekedwa kale kumsana kwa anthu onsewo, ndipo amene anamanga mbereko yake ndi mmisiri uja wozondotsa chubu mofatsa kuti pasachite thovu.